Galu Woleredwa ndi Wezulo

Nkhani iyi anandiuza ndi munthu wowerenga mamita a madzi. Tinakumana pa benchi ya pa depoti, basi yathu itafa isananyamuke n'komwe. Ine miyendo ikaima, makutu ndiwo amayamba kuyenda, choncho ndinamufunsa chimene chimavuta pa ntchito yake. Ndinkayesa anena za dzuwa kapena kutha kwa nsapato. Iye anati, "Agalu, madala. Ndipo mwa agalu onse, alipo mmodzi amene anandigwaditsa ndili mu yunifolomu." Ndinamugawira nthochi kuti apitirize.

Panali bambo wina, iye anatero, amene moyo wake wonse anali woyimbira mpira. Atapuma ntchito anthu sanasiye kuwatchula a Lefali, ndipo nawonso sanasiye kukhala a Lefali. Wezulo inkagona pakhosi, makadi m'thumba la shati. Tiyi akachedwa ankayang'ana wotchi ya pamkono, kenako n'kuyang'ana akazi awo. Ankachita lendi kanyumba ka kuseri mumpanda wa mayi wina wathupi lake, amene aliyense ankangoti Alandilodi. Geti linali limodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ndipo mita ya madzi inali kumapeto kwa mpanda, kuseri kwa bafa la a Lefali.

Tsiku lina mlamu wawo, makaniko wa pa galaja, anawabweretsera tiagalu tiwiri m'katoni ya oyilo. A Lefali anatipatsa maina: wina Kona, wina Penate. Atangotitsitsa pakhonde, tiagalu tija tinayamba zimene tiagalu tonse timachita. Kona analuma Penate khutu, Penate anamukwera pamsana, onse n'kugubuduka mpaka pansi pa masitepe.

Wezulo inalira. "Faulo!"

"Bambo, akusewera awo," anatero akazi awo, atasuzumira pa windo la kukhitchini.

"Kusewera kuli ndi malamulo ake, mayi. Wamugwira mnzake khutu pomwe mpira palibe."

"Nanga mpira aupeza kuti? Ndi ana."

"Zimayamba chomwechi. Ndaona anthu akuthyoledwa miyendo chifukwa woyimbira ananena kuti ndi ana."

Kuyambira pamenepo pakhomo paja panalibe mtendere. Tiagalu tikangokhudzana, wezulo. Kukankhana, kadi yachikasu. Kulumana, kadi yofiira, ndipo wolakwayo ankatsekeredwa m'bafa kuti akaganize bwino. Kona sankamva. Ankatuluka m'bafa mchira uli pukupuku, n'kukayambira pa khutu lomwe lija. Mapeto ake a Lefali anamubweza ku galaja, ati amuchotsa mu ligi. Penate anatsala yekha, ndipo ameneyu anamva.

Anakula kukhala chigalu chachikulu chofiirira, choima ngati msilikali pa pelete. Mchira sunkagwedera. Ukamuponyera mpira ankauyang'ana ukugubuduka mpaka uime, kenako n'kutembenukira kwa a Lefali kuti anene ndi wa ndani. Koma galu yemweyo, supuni ikagwa kukhitchini, ankanjenjemera thupi lonse n'kupita yekha m'bafa, popanda womuonetsa kadi.

A Lefali ankamukonda galuyo koposa momwe ankaonetsera. Madzulo ankakhala naye pakhonde, aliyense akuyang'ana kutsogolo. "Zaka zonse zija ndinkayimba wezulo anthu akunditukwanira amayi anga," ankatero. "Chamoyo chimene chinamverapo wezulo yanga osayankha chipongwe ndi ichi chokha."

Apa ndi pamene mnzanga wa pa benchi analowa m'nkhani. Anabwera masana ena kudzawerenga mita, a Lefali atapita ku golosale. Anagwada, n'kutsegula chivundikiro chachitsulo, chivundikirocho n'kumupulumuka, khwengwenge! Penate anali ataima pambuyo pake. Kuthawira m'bafa sakanatha, chifukwa munthuyo ndi amene anatseka njira. Ndiye anangotseka pakamwa pa chimene chinali pafupi, ndipo chimene chinali pafupi chinali katumba wa mwendo.

"Madala, agalu andilumapo ambiri," anandiuza. "Galu amaluma n'kusiya kuti aone ngati wamva. Uyu anangogwira ngati pulayazi, maso atatsinzina, akunjenjemera kuposa ine." Anamasulidwa ndi wezulo, a Lefali atatulukira pa geti akuthamanga, shuga akutayika m'njira.

Mabwana a ku ofesi ya madzi anati munthu wawo sadzalowanso mumpandamo galuyo ali momwemo, ndipo mita ikapanda kuwerengedwa mwezi wotsatira adzatseka madzi kumsewu. Alandilodi anabwera pakhonde la a Lefali manja ali m'chiuno.

"A Lefali, ine ndimakulemekezani. Simuledzera, simuika wailesi mokweza. Koma pakati pa madzi ndi galu, ine ndimasamba madzi."

"Mayi, ndamupatsa kale chilango. Wakhala m'bafa kuyambira dzulo."

"Bafa lomwelo ndi limene likuuma. Tsiku limene wa mita abwerenso, galuyo akangoonetsa dzino, apite akabayidwe jakisoni womugoneka osadzukanso. Ndanena."

M'mawa mwake a Lefali ndi akazi awo anatengera Penate kwa dokotala wa ziweto. Anali mtsikana wamagalasi, wolankhula mofulumira. Anamupima galuyo, n'kutulutsa chidole cha labala chimene chimalira ukachifinya. Atachifinya, Penate analowa pansi pa sinki.

"Galuyu ali mwana ankasewera ndi ndani?"

"Sanasewerepo," a Lefali anayankha monyadira. "Mbiri yake ndi yoyera."

"Amawayimbira wezulo, adokotala," anatero akazi awo. "Ine ndinanena, koma ndinapatsidwa chikasu."

Dokotala anavula magalasi. "Bambo, kagalu kamaphunzira kulemera kwa mano ake pa khutu la mnzake. Kakaluma kwambiri, mnzake amalira n'kukasiya kokha, ndiye mawa kamaluma pang'ono kuti masewera asathe. Kamagwetsedwa, n'kudzuka, n'kuona kuti kadakali moyo. Kamadzidzimutsidwa, n'kupeza kuti anali mnzake chabe. Wanuyu sadziwa zonsezi. Kwa iye chilichonse chadzidzidzi ndi imfa, ndipo pakamwa pake pali magiya awiri okha, kutsegula ndi kutseka."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Asewere. Wachedwa, koma yesani."

Anayamba ndi kuitanitsa Kona ku galaja. Kona anafika ali mafuta okhaokha, wonenepa, wosangalala ngati wolandira alendo pa ukwati. Ataona m'bale wake anagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo tambalale, matako m'mwamba, mchira ukupukusa. Umu ndi momwe agalu amanenera kuti zimene zikubwerazi ndi zocheza. Penate anayang'ana a Lefali. Kona anadumpha n'kumugunda paphewa. Penate anatsinzina n'kuluma zenizeni. Kona anakuwa, n'kukakwera yekha pa galimoto ya mlamu, osacheukanso.

"Alamu," anatero makaniko akuliza injini, "galu wanuyu akufunika mnzake wosathawa. Wa galu simumupeza. Gwadani nokha."

Dokotala atafunsidwa pa foni anati makaniko wanena zoona. A Lefali agwade ngati momwe anachitira Kona. Akalumidwa alire mokweza, n'kutembenuka kumupatsa galuyo nkhongo. Ndipo chachikulu, azigonja. Galu wamkulu akamasewera ndi kamwana amadzigwetsa dala kuti kamwanako kamukwere.

"Ine kugonja?" a Lefali anafunsa akazi awo foni itadulidwa. "Woyimbira sagonja, sapambana. Amangoima pakati."

"Nanga muli mwana simunkasewera?"

A Lefali anayankha kuti, "Ndinkasunga malaya a anzanga. Posankhana matimu ndinkatsala, ndiye ankati iwe uziona nthawi."

"Ndiye muli awiri," anatero mayiwo, n'kutambasula dzanja. "Bweretsani wezuloyo." Anaiika m'chitini cha mchere pamwamba pa kabati.

Mipando ya pabalaza anaikankhira kukhoma. A Lefali anatulukira kuchipinda atavala kabudula wakuda wa masiku awo, masokosi ofika m'maondo, zotchinjiriza miyendo, ndi magolovesi a akazi awo ogwirira mapoto. Anagwada, maondo akulira ngati nkhuni zonyowa pamoto.

"Chifuwa pansi, bambo."

"Chili pansi."

"Imeneyo ndi mimba. Kwezani kumbuyoko. Eya. Tsopano gwedezani."

"Ndigwedeze chiyani?"

"Chimene muli nacho."

Penate anakhala tsonga pakona, akuyang'ana mbuye wake. Kenako anayang'ana kukhoma, monga amachitira munthu akapeza apongozi ake akusamba. Potsiriza anadzuka mwaulemu n'kupita m'bafa.

Zinayenda chomwecho masiku ambiri. A Lefali ankagwada m'mawa ndi madzulo, mofika pa nthawi, ngati akumwa mankhwala. Ankadzigwetsa chammbali n'kunena ndi mawu a munthu wolengeza maliro, "Ndagonja." Ankayeserera kulira, "Kwee, kwee," mpaka Alandilodi anatumiza uthenga wofunsa ngati tsopano ayambanso kuweta nkhumba. Galu sanasunthe. Tsiku la mita linkayandikira, ndipo a Lefali anayamba kusiya chakudya m'mbale. Akazi awo anawapeza tsiku lina ataima pakhomo la bafa akulankhula ndi galuyo motsitsa mawu: "Tandiluma pang'ono chabe, mwana wanga. Sindiona. Ndiyang'ana kumbali."

Chimene chinathandiza ndi polishi. Loweruka lina akazi awo aja anapaka polishi wofiira pabalaza, a Lefali n'kugwada mphuno ili pafupi ndi simenti. Anayetsemula chiyetsemulo chachikulu, manja anaterereka, ndipo anagubuduka chagada, miyendo m'mwamba, sokosi imodzi itavuka theka ikulendewera. Uku sikunali kugonja kolengeza. Anagwa ngati thumba, akupalasa mpweya ngati kachikumbu.

Penate anapendeketsa mutu. Anabwera pang'onopang'ono, ananunkhiza sokosi ija, n'kuigwira. Anakoka. Sokosi inatalika. Anakokanso, n'kugwira pamodzi ndi chala.

"Mayo ine!" Uku kunali kulira kwenikweni.

Galu anasiya. Popanda wezulo, anasiya yekha. A Lefali anakumbukira malangizo, n'kutembenukira kukhoma akubuula. Kumbuyo kwawo kunali zii. Atacheuka anaona chigalu chija chitagwetsa chifuwa pansi, matako m'mwamba mokhotakhota ngati tebulo lothyoka mwendo, mchira ukuyesa kumanzere, kenako kumanja, ngati chinthu chongobwereka.

Pamenepo m'kamwa mwa a Lefali munatuluka phokoso limene akazi awo anali asanalimvepo chikwatiranireni. Anathamanga kuchokera kukhitchini akuyesa paipi yaphulika. Anapeza amuna awo akuseka, galu atawakwera pachifuwa.

Mnzanga wa pa benchi apa anapukusa mutu. "Madala, ubwana ukachedwa umabwera wonse pakamodzi, ngati madzi akatsegulidwa atasowa sabata."

Penate anayamba kuchita pa msinkhu wa chigalu zimene akanachita ali kakang'ono. Ankathamangitsa mchira wake mpaka kugunda geti. Anakumba maluwa a Alandilodi. Anatsitsa pa chingwe siketi yawo yamkati n'kuizungulitsa mpanda ngati mbendera. Supuni ikagwa sankapitanso m'bafa, ankaitola n'kuthawa nayo. Ankalumabe, koma tsiku lililonse mano ankapepuka, ndipo manja a a Lefali anachoka pa mabala kufika pa mikwingwirima, kenako malovu okha.

Vuto linali lakuti matendawa anagwira onse awiri. A Lefali anayamba kubisala kuseri kwa chitseko n'kudzidzimutsa akazi awo. Ankabisa chikombe. Tsiku lina m'busa wa mpingo wawo atabwera kudzacheza, anatuluka n'kupeza nsapato yake imodzi palibe, ndipo woibisa sanali galu.

"Bambo, muli ndi imvi," akazi awo anadandaula.

"Mundigwire kaye," anayankha a Lefali ali kuseri kwa thanki ya madzi.

Tsiku la mita linafika. Mnzanga uja anati anachita kupempha yekha kwa mabwana kuti apite, chifukwa a Lefali anakamudikira pa ofesi n'kumuchonderera, chipewa chili m'manja. Komabe anamanga makatoni m'miyendo yonse, mkati mwa thalauza, moti ankayenda ngati munthu wa pulasitala. Alandilodi anatulutsa mpando n'kukhala pakati pa bwalo, foni ili pamwendo, nambala ya dokotala itakonzedwa kale.

"Masulani," anatero.

A Lefali anamasula chingwe cha galuyo. Penate anathamanga molunjika kwa wa mita, n'kuima patsogolo pake fumbi lili koboo. Anagwetsa chifuwa pansi. Matako m'mwamba.

Wa mita anauma ngati mzati.

"Yankhani, achimwene," a Lefali ananong'ona.

"Ndiyankhe kuti chiyani?"

"Wakupatsani moni. Gwadani."

"Ine ndili pa ntchito, bambo. Iyi ndi yunifolomu."

"Yunifolomu imachapidwa. Chonde. Mukapanda kuyankha asokonezeka."

Zoonadi mchira unayamba kuchepa liwiro. Makutu anapita kumbuyo. Kukhosi kwa galuyo kunayamba kumveka kaphokoso, ndipo chala cha Alandilodi chinayandikira foni. A Lefali anadzigwetsa pansi pambali pa wa mita kuti amuonetse. "Chonchi, onani. Chifuwa, osati mimba."

"Ndinayang'ana nkhalamba ija ili m'fumbi, maso ake ali ndi misozi," anandiuza mnzangayo, "ndiye ndinati basi, ulemu wanga si wa mtengo kuposa wawo." Anagwada, makatoni akuphwanyika m'thalauza. Anakweza kumbuyo. Ati anagwedezanso, ngakhale palibe anamuuza.

Penate anadumpha ndi miyendo yonse inayi, anamugunda paphewa, anagwira mkono wake m'kamwa, n'kuusiya, n'kutsomphola chipewa chake. Wa mita anamuthamangitsa chokwawa mpaka kuseri kwa bafa, ndipo popeza anali kale pa msinkhu wa mita, anatsegula chivundikiro n'kuwerenga. Chivundikiro chinagwanso, khwengwenge! Galu anangochiuwa kamodzi n'kuchigwadira nachonso.

"Wamuluma!" Alandilodi anaimirira. "Ndaona ndi maso anga, mkono wonse unali m'kamwa."

Wa mita anapinda shati n'kuonetsa mkono. Panali malovu okha.

"Amuna mumabisirana," anatero Alandilodi. "Ine ndimakhulupirira khungu langa. Bwera kuno, iwe."

Penate anabwera, n'kuwagwadira.

"Iyayi. Ine pano ndi panga. Sindigwadira galu wa munthu wa lendi."

Galu anadikira. Ataona kuti yankho palibe, anatambasula khosi, n'kugwira silipasi ya kuphazi lamanzere. Anaivula mosamala ngati namwino wochotsa bandeji, chala osachikhudza. Anabwerera pang'ono n'kuima, silipasi ili m'kamwa, maso akuwala.

"Bweretsa."

Anabwereranso pang'ono.

"Ndati bweretsa, chitsiru iwe!"

Anthu a mumsewu umenewo mpaka lero amati sanadziwe kuti Alandilodi amathamanga. Anazungulira thanki, anadutsa pansi pa chingwe, mpango unatsala pa waya. Silipasi inayo inavuka pa ngodya ya nyumba. Galu ankachepetsa dala liwiro kuti atsale pang'ono kumugwira, kenako n'kutsetsereka. Akazi a a Lefali anali pa windo akukuwa, "Mudulireni kutsogolo, mayi!" Mapeto ake Alandilodi anakhala pansi pa udzu, miyendo tambalale, akupuma ngati mvukuto. Penate anabwera n'kuika silipasi pamwendo pawo, n'kugona chagada kuti nawonso apambaneko.

Alandilodi anamuyang'ana. Anamukanda pamimba ndi chala chimodzi, ngati akuyesa kutentha kwa madzi.

"Galu akhale," anatero. "Koma maluwa anga mubzalanso. Silipasi inayo ili kuti?"

Onse anayang'ana uku ndi uku. Kuseri kwa thanki kunasuzumira mutu wa imvi. A Lefali anali atanyamula silipasi yachiwiri, akugwedera ndi chiseko, miyendo itakonzeka kuthawa.

"Mayi a kuseri," Alandilodi anaitana, maso osawachotsa pa thankipo, "nambala ya dokotala ija ndikadali nayo. Mufunseni ngati amaonanso anthu akuluakulu."

Pamenepo kondakitala anakuwa kuti basi yadzuka, ndipo mnzanga uja anakakhala kutsogolo, ine kumbuyo pa matumba. Anatsikira panjira ndisanamufunse zambiri.

Ine ndayenda, ndipo agalu ndawaona a mitundu yonse. Zoti kagalu koletsedwa kusewera kamakula kamantha ndi kolusa, ndikuvomera, chifukwa ndaonapo ndi anthu omwe otero. Zoti galu wamkulu kale angaphunzire kupepuza mano m'mwezi umodzi, pamenepo ndikukayika. Komanso zambiri mwa izi zinachitikira pabalaza la eni ake, zitseko zili zotseka, ndipo munthu wa mita salowa m'nyumba. Ndikuganiza kuti kulumidwako kunachitikadi, kugwadako mwina, koma zina zonsezo anazimanga yekha kuti kugwada kwake kuoneke kwa nzeru.